Kuyamba Ntchito Yogulitsa Inshuwalansi m'Chigawo cha Tete ndi Kukonzekera Mafunso a Ntchito

Ntchito yogulitsa inshuwalansi, imene ambiri kuno timangoitchula kuti seguro, ndi imodzi mwa ntchito zimene wachinyamata womaliza 12ª classe angathe kuyamba popanda mpamba waukulu, ndipo nthawi zambiri popanda digiri. Kuvuta kwake n'kwakuti katundu amene mukugulitsayo sagwirika ndi manja. Mukugulitsa lonjezo lolembedwa m'Chipwitikizi, limene kuona kwake kumadziwika tsiku limene galimoto yagunda munthu, sitolo yapsa kapena pakhomo pagwa maliro, ndipo tsiku limenelo kasitomala sapita ku Maputo kukafuna mkulu wa kampani, koma amabwera kwa inu amene munamusainitsa. Olemba ntchito amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pa entrevista, kapena kuti mafunso a ntchito, amafuna kuona ngati mungathe kufotokoza lonjezolo moona, kuphatikizapo zimene silikulonjeza.

Yambani ndi kudziwa khomo limene mukulowera

Malamulo akuluakulu a inshuwalansi m'dziko muno ali mu Decreto-Lei 1/2010, la pa 31 Disembala 2010, ndipo bungwe la boma limene pa nthawiyo linapatsidwa udindo woyang'anira makampani ndi ogulitsa awo linali Instituto de Supervisão de Seguros de Moçambique, mwachidule ISSM. Anthu oima pakati pa kampani ndi kasitomala amatchedwa mediadores, ndipo lamulo limawagawa m'magulu atatu. Corretor ndi kampani yoima payokha imene imafunira kasitomala inshuwalansi yomuyenera m'makampani osiyanasiyana. Agente akhoza kukhala munthu mmodzi kapena kampani, ndipo amagulitsa m'dzina la kampani ya inshuwalansi kapena la corretor amene wamusankha. Promotor ndi munthu amene amagwira ntchito pansi pa ulamuliro wa kampani imene yamutenga, ndipo kampaniyo ndiyo imasenza udindo wa zochita zake. Woyamba kumene amalowa kawirikawiri ngati promotor, kapena amalembedwa ntchito ya malipiro a pamwezi ngati comercial mu ofesi ya kampani, ya corretor kapena ya banki, popeza mabanki nawonso amagulitsa inshuwalansi pamodzi ndi ngongole zawo.

Kusiyana kumeneku kumanena amene adzakulipirani, mmene adzakulipirireni, ndiponso amene adzayankhe mlandu zinthu zikalakwika, choncho mukaona chilengezo cha ntchito muyambe mwazindikira gulu limene akufuna. Musatolere ndalama za inshuwalansi kwa munthu aliyense kampani isanakulembetseni mwalamulo, ngakhale mnzanu amene ali kale m'ntchitoyi atakuuzani kuti muzimubweretsera makasitomala kuti mudzagawane.

Mudziwenso makampani ake. EMOSE, kapena kuti Empresa Moçambicana de Seguros, inakhazikitsidwa mu 1977 pamene boma linaphatikiza makampani atatu a nthawi ya atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri inali yokha m'dziko muno. Lero pali ena ambiri, monga Hollard, Fidelidade Ímpar, Sanlam, Britam ndi Índico Seguros. Wopita ku entrevista osadziwa ngati kampani imene yamuitanayo imagulitsa inshuwalansi ya moyo, ya katundu kapena zonse ziwiri, amakhala wagwa asanakhale pampando.

Konzani mapepala nthawi ikadalipo

Gawo ili ndi lalifupi koma limagwetsa anthu ambiri. Mufunika Bilhete de Identidade (BI) losatha ntchito, NUIT (nambala yanu ya msonkho), satifiketi ya sukulu, registo criminal (chikalata choonetsa ngati munapezekapo ndi mlandu), CV, ndi akaunti ya ku banki ya m'dzina lanu. Registo criminal imatha ntchito pakapita miyezi yochepa, ndiye musaitenge msanga kwambiri, komanso musadikire kuti akuitaneni kaye, makamaka ngati mukukhala kutali monga ku Furancungo, ku Fingoé kapena ku Zumbo. Makope a BI ndi satifiketi mukawadinditse kwa notário. Amene anaphunzira ku Malawi, monga alili ana ambiri a m'malire, afunika kupeza equivalência ya satifiketi yawo ku unduna wa zamaphunziro, ndipo imeneyi imatenga nthawi. Ngati muli ndi carta de condução, ngakhale ya njinga yamoto, muilembe poonekera pa CV, chifukwa ntchito imeneyi ndi ya m'misewu.

Phunzirani katundu amene mukagulitse

Apa ndi pamene muyenera kutherapo nthawi yochuluka. Pezani apólice yeniyeni, kaya ya galimoto ya achibale kaya ya bizinesi ya mnzanu, ndipo muiwerenge yonse pamodzi ndi condições gerais, masamba a zilembo zazing'ono aja amene ambiri amangowaponya m'kabati. Powerenga mudzakumana ndi mawu amene muyenera kuwadziwa m'Chipwitikizi ndi kuwamasulira m'chilankhulo cha kasitomala. Apólice ndi chikalata cha mgwirizano. Prémio ndi ndalama zimene kasitomala amalipira, osati mphoto monga ena amaganizira. Sinistro ndi ngozi kapena tsoka limene lachitika n'kuchititsa kuti kampani ilipire. Capital seguro ndi malire a ndalama zimene kampani ingalipire. Tomador ndi amene wasaina ndi kulipira, segurado ndi amene watetezedwa, ndipo beneficiário ndi amene adzalandire ndalama, ndipo atatuwa akhoza kukhala anthu osiyana, monga bambo amene akulipirira inshuwalansi ya maliro ya mayi ake okalamba. Exclusões ndi zinthu zimene kampani yanena poyera kuti sidzalipira.

Inshuwalansi imagawidwa pawiri, ramo vida ya moyo wa munthu ndi ramo não vida ya katundu, ngozi ndi milandu. Imene mudzakumane nayo tsiku ndi tsiku ndi ya galimoto, chifukwa Lei 2/2003 imakakamiza mwini galimoto yoyenda pa msewu kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene angawavulaze kapena kuwaonongera katundu. Imeneyi ndi imene madalaivala amaitchula kuti contra terceiros, ndipo ndi imenenso imabweretsa mikangano yambiri. Mwini chapa amalipira chaka ndi chaka akuganiza kuti galimoto yake yatetezedwa, koma tsiku limene yagubuduzika pa msewu wa ku Zóbuè amauzidwa kuti kukonza chapa chakecho n'kwa iye mwini, chifukwa kuti kampani ikonze galimoto ya mwiniwake pamafunika inshuwalansi ina yokwera mtengo yotchedwa danos próprios. Wogulitsa amene sananene zimenezi pa tsiku losaina wadzikonzera mdani, ndipo mdaniyo adzauza madalaivala onse a pa paragem.

Ina yokakamiza ndi ya ngozi za pantchito ndi matenda obwera chifukwa cha ntchito, imene wolemba anthu ntchito ayenera kugulira antchito ake. Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amaganiza kuti akamalipira INSS, thumba la boma la penshoni ndi chithandizo cha antchito, ndiye kuti atha nazo, pamene izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wogulitsa wodziwa kufotokoza kusiyanako amapeza makasitomala pakati pa omanga nyumba, eni zigayo, eni magalaja ndi makampani olandira ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize.

Pali masamu awiri amene muyenera kuwadziwa bwino kwambiri moti mutha kuwachita pamaso pa anthu popanda kunjenjemera. Oyamba ndi a franquia, gawo la chionongeko limene kasitomala amalipira yekha. Tiyerekeze kuti kukonza galimoto kukufuna meticais 40,000 ndipo franquia ndi 10,000: kampani idzapereka 30,000 yokha, ndipo chionongeko chikakhala cha 8,000 sidzapereka kanthu. Achiwiri ndi a regra proporcional, amene amagwira munthu wotchula mtengo wochepa wa katundu wake pofuna kuchepetsa prémio. Tiyerekeze kuti wamalonda wa pa msika wa Kwachena ali ndi katundu wa meticais 400,000 koma walembetsa 200,000 yokha. Moto ukaononga katundu wa 100,000, iye amayembekezera kulandira 100,000 yonse poti siinapitirire zimene analembetsa, koma kampani idzamupatsa 50,000, chifukwa anateteza theka lokha la katundu wake ndipo theka linalo analisenza yekha. Ogulitsa ena amalimbikitsa kasitomala kuchepetsa mtengo kuti malonda atheke msanga. Ine ndimaona kuti palibe njira yachidule yoonongera mbiri yanu yoposa imeneyi.

Pa inshuwalansi ya maliro ndi ya moyo muyang'ane período de carência, nthawi yodikira kuchokera tsiku losaina imene imfa ya matenda siilipiridwa, komanso malire a zaka za anthu amene angalembetsedwe ndi chiwerengero cha achibale ololedwa. M'mabanja athu mmene munthu mmodzi amasamala ana a mlongo wake, apongozi ndi agogo, funso lakuti ndani walowa ndipo ndani watsala kunja liyenera kuyankhidwa ndi mayina olembedwa, osati ndi mawu akuti banja lonse. Pa inshuwalansi ya nyumba ndi sitolo muyang'ane ngati madzi osefukira alimo kapena ayenera kuwonjezeredwa padera. Anthu a ku Chingodzi ndi ku Matundo sanaiwale mmene mtsinje wa Revúbuè unasefukira mu 2019, ndiponso mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, choncho funso limeneli adzakufunsani ndithu.

Lembani mapu a msika wanu

Musanapemphe ntchito, khalani pansi ndi kope n'kulemba mitundu ya anthu amene mungawafikire m'dera lanu, chimene aliyense angafune kuteteza, ndi nyengo imene amakhala ndi ndalama. Wa ku Angónia ndi Tsangano alembe alimi akuluakulu a mbatatesi, soya ndi chimanga, eni malole onyamula mbewu kupita ku Tete ndi ku Beira, ogulitsa feteleza, ndi aphunzitsi ndi anamwino amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Wa ku Macanga ndi Chifunde aganizire alimi a fodya, amene ndalama zawo zimabwera nthawi imodzi akagulitsa. Wa ku Songo ndi Chitima ali ndi antchito a ku damu la Cahora Bassa ndi eni maboti a kapenta. Wa mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize ali ndi eni chapa ndi txopela, masitolo, malo ogona alendo, masukulu oima paokha ndi makampani a zomangamanga. M'malire monga ku Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano mumadutsa galimoto zakunja zimene zimayenera kugula inshuwalansi ya kuno polowa, popeza dziko lathu silili m'bungwe la COMESA limene khadi lake lachikasu la inshuwalansi ya galimoto limagwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Mapu amenewa muwalembe pa tsamba limodzi loyera n'kupita nawo ku entrevista. Musalembemo mayina a anthu kapena manambala awo, koma mitundu yawo yokha ndi mmene mudzawafikire m'miyezi itatu yoyamba. Opempha ntchito ochepa kwambiri ndi amene amachita zimenezi, ndipo woyang'anira malonda akaona tsamba lotere amadziwa kuti sadzavutika kukukankhani m'mawa uliwonse.

Kupeza mwayi ndi kulemba kalata

Malo a ntchito amalengezedwa mu nyuzipepala ya Notícias, pa masamba a intaneti a makampaniwo, pa LinkedIn, ndi ku ofesi ya Instituto Nacional de Emprego. Koma popeza makampani amafuna ogulitsa nthawi zonse, palibe cholakwika kupita nokha ku ofesi yawo, kupempha kuonana ndi woyang'anira malonda, ndi kusiya CV ngakhale palibe chilengezo. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda ndi wakuba, ngakhale uthenga wake utakhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika.

CV ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, m'Chipwitikizi chopanda zolakwika, ndipo mupemphe munthu wodziwa bwino chilankhulocho kuti aiwerenge. Musanyoze zimene munachitapo kale. Ngati munagulitsapo crédito ya foni, munakhalapo agente wa M-Pesa, munasungapo ndalama za kwaya kapena za gulu la alimi, kapena munagulako mbewu m'malo mwa wamalonda wina, zimenezo ndi umboni wakuti mumadziwa kulankhula ndi anthu osawadziwa ndiponso kuti anthu anakusungitsanipo ndalama zawo. Lembani zimene munkachita ndi kukula kwake m'manambala oona. Zilankhulo muzilembe zonse: Chinyanja, Chinyungwe, Chisena, Chipwitikizi, ndi Chingerezi ngati mumachidziwa. Achinyamata ena amachita manyazi kulemba zilankhulo za makolo awo, pamene kampani imene mapepala ake onse ali m'Chipwitikizi ikusowa kwambiri munthu wotha kufotokozera mlimi wa ku Domué tanthauzo la franquia m'mawu amene iye angawamve. Kalata yopempha ntchito ikhale ya ndime zitatu zokha, yotchula dzina la kampaniyo, dera limene mukulidziwa, ndi chifukwa chimene mukufunira malonda osati ntchito ina iliyonse.

Kukonzekera entrevista

Akakuitanani, funsani malo, ola, ndi mapepala oyenera kubwera nawo, kenako muwerenge zonse zimene mungapeze za kampaniyo ndi mitundu ya inshuwalansi imene imagulitsa. Wochokera ku maboma akutali afike mu mzinda dzulo lake, chifukwa chapa chimanyamuka chikadzaza, osati pa ola limene inu mukufuna. Kutentha kwa mu Tete, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumapitirira madigiri 40, choncho valani zovala zoyera bwino, zositidwa ndi zopepuka, mufike kukadali mphindi makumi awiri kuti thukuta liume, ndipo jekete musalikakamize ngati likusautsani. Entrevista ikakhala ya pa foni kapena pa kanema, mupezeretu malo a netiweki yabwino ndi opanda phokoso, mudzaze batire, ndipo mugule megas okwanira.

Mafunso adzakhala m'Chipwitikizi, ndipo muwayankhe ndi ulemu wa senhor ndi senhora mpaka iwo eni atakuuzani zina. Loyamba limakhala lakuti mudzifotokoze. Musayambire kumene munabadwira n'kumatsata sukulu imodziimodzi, popeza zimenezo aziwerenga kale pa CV. Nenani m'mphindi ziwiri zimene mwachitapo zokhudza malonda kapena ndalama za anthu, dera limene mukulidziwa, ndi chimene chakukokerani ku inshuwalansi. Akafunsa chifukwa chimene mukufunira ntchitoyi, yankho lakuti mukusowa ntchito ndi loona koma silithandiza aliyense. Ndi bwino kutchula chinthu chimene munachiona ndi maso, monga banja limene linagulitsa ng'ombe chifukwa cha mlandu wa ngozi ya pamsewu, ndi kunena mmene inshuwalansi ikanasinthira nkhaniyo.

Kenako pamabwera chiyeso chenicheni, pamene mmodzi wa ofunsawo amadzisandutsa kasitomala n'kunena kuti mumugulitse inshuwalansi. Ambiri amayamba pomwepo kuyamikira kampani ndi kutchula mitengo, ndipo amagwa. Inu muyambe ndi mafunso. Mufunse kuti galimotoyo ndi ya chaka chanji, imagwira ntchito yanji, amaiyendetsa ndani, ili ndi ngongole ku banki kapena ayi, ndipo itaima mwezi wathunthu banja lingadye chiyani. Mukamva mayankho, mutchule inshuwalansi imodzi yomuyenera, munene zimene imalipira, munene zimene siilipira, kenako mupemphe chinthu chodziwika, monga livrete ndi título de propriedade kuti mukonze cotação, pepala losonyeza mtengo umene adzalipire. Kupempha kumeneku musakuiwale, chifukwa wogulitsa amene amacheza bwino koma osafika popempha malonda sabweretsa ndalama ku kampani.

Wofunsayo adzakana dala kuti aone mmene mungachitire, ndipo zokana zake ndi zomwezo zimene mudzazimve m'misika. Adzati ndalama palibe, ndipo inu mufunse ngati vuto ndi kuchuluka kwa ndalamazo kapena nyengo yolipira, popeza ma apólice ena amalola kulipira m'magawo. Adzati makampani a inshuwalansi salipira, ndipo apa musatsutse mwaukali kapena kulumbira kuti kampani yanu imalipira chilichonse. Muvomereze kuti pali anthu amene anakanidwa, mufotokoze zifukwa zimene zimachititsa kawirikawiri, monga prémio yosalipidwa, kuchedwa kunena za ngozi, dalaivala wopanda carta kapena woledzera, ndi kubisa zoona polembetsa, kenako munene mmene mudzamuthandizire kupewa zimenezo. Adzafunsanso kuti chaka chikatha popanda ngozi ndalama zake zidzabwerera kapena ayi. Yankho loona pa inshuwalansi ya galimoto, ya moto ndi ya maliro ndi lakuti sizibwerera, ndipo muyenera kulinena mosazungulira. Anthu athu amamvetsa msanga mukawakumbutsa za msonkho wa maliro wa m'mudzi kapena wa kumpingo, umene aliyense amaponyamo ufa ndi ndalama, ndipo palibe amene amapita kwa amfumu kukaitanitsa zake chifukwa chakuti chaka chino kwawo sikunagwe zovuta. Ngati ofunsawo alola, pemphani kuti mbali ina ya chiyesochi muichite m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, kuti aone ndi maso chimene akugula pokulembani ntchito.

Yembekezeraninso funso loyesa kukhulupirika. Akhoza kunena kuti amalume anu achita ngozi dzulo alibe inshuwalansi, ndipo abwera kwa inu usiku akuti, "Mphwanga, ndilembere pepala la tsiku la dzana, palibe amene adziwe." Yankho ndi limodzi lokha, lakuti simungatero, chifukwa kumeneko ndi kuba kumene kungakutsekereni ntchito ndi kukufikitsani ku khoti pamodzi ndi amalumewo. Munene zimenezi modekha, ndipo muwonjeze kuti mungawathandize m'njira zina zololedwa ndi kuwalembetsa kuyambira lero. Funso lofanana nalo ndi la kasitomala wa kutali amene akufuna kutumiza prémio pa nambala yanu ya foni. Ndalama za prémio zimapita ku akaunti ya kampani kapena m'njira imene kampani yavomereza, ndipo kasitomala amalandira recibo. Ogulitsa ambiri amene anachotsedwa ntchito sanayambe ndi mtima wakuba, koma anangobwereka ndalama ya kasitomala Lachisanu poganiza kuti adzabweza Lolemba, ndipo ngozi inachitika Loweruka inshuwalansi isanayambe kugwira ntchito.

Akafunsa chinthu chimene simukuchidziwa, nenani kuti simukuchidziwa ndipo mutchule kumene mungakachipeze. M'ntchito imene yankho lopeka lingachititse banja kutaya nyumba, wofunsa wanzeru amakonda munthu wotere kuposa wolankhula mosadodoma zinthu zabodza.

Funsani za malipiro musanasaine

Pomaliza adzakupatsani mpata wofunsa, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani ngati pali malipiro okhazikika a pamwezi kapena ndi comissão yokha, kutanthauza gawo la prémio limene mumalandira pa malonda anu, ndipo ngati ndi comissão, ndi magawo angati pa 100 pa mtundu uliwonse wa inshuwalansi, popeza imasiyana. Funsani tsiku limene imalipidwa, ngati mumalandiranso kasitomala akakonzanso apólice yake chaka chotsatira, ndiponso ngati kampani imakulandani comissão kasitomala akasiya kulipira pakati pa chaka. Funsani za meta ya pamwezi, kapena kuti mlingo wa malonda umene muyenera kufika, ndi chimene chimachitika mukalephera kuifika, za ndalama ya mayendedwe ndi ya foni, za maphunziro a poyamba, ndi za amene adzalipire kulembetsedwa kwanu.

Mukamva mayankho, chitani masamu anu musanasangalale. Tiyerekeze kuti prémio ya apólice imodzi ndi meticais 5,000 ndipo comissão ndi 10 pa 100: mwapeza 500. Kuti mupeze 15,000 pa mwezi mufunika ma apólice 30 otere, ndipo kuti anthu 30 avomere muyenera kulankhula ndi anthu ochuluka kuposa pamenepo kangapo, mukulipira nokha chapa ndi crédito ngati kampani siikuthandizani. Masamu amenewa akuonetsa chifukwa chimene miyezi yoyamba imawawa, komanso chifukwa chimene kasitomala mmodzi wa malole khumi kapena wa antchito makumi atatu amaposa anthu ambiri a galimoto imodziimodzi. Ngati ntchito ndi ya comissão yokha, muyambe muli ndi kandalama kokusungani miyezi ingapo kapena kantchito kena kapambali kamene mgwirizano wanu ukuloleza.

Muwerenge mgwirizano wonse musanasaine, ndipo muzindikire ngati ndi contrato de trabalho, imene imatsata lamulo la ntchito, Lei 13/2023, kapena ndi prestação de serviços, imene imakuonani ngati munthu wodzilemba yekha ntchito. Pa woyambawo kampani imakulembetsani ku INSS, kumene pa 7 pa 100 ya malipiro inu mumapereka 3 ndipo kampani imapereka 4. Pa wachiwiriwo za INSS ndi tchuthi zimakhala pamutu panu. Muonenso kutalika kwa período probatório, nthawi yokuyesani pa ntchito. Tsiku lotsatira entrevista mutumize uthenga waufupi wothokoza, ndipo ngati sabata ziwiri zadutsa popanda yankho, kufunsa kamodzi mwaulemu sikulakwa.

Miyezi yoyamba pa ntchito

Mukalembedwa, pemphani kuyenda ndi wogulitsa wakale kwa masiku angapo, ndiponso kukhala tsiku limodzi kapena awiri ku gawo la sinistros, kumene mudzaone mapepala amene amafunika ngozi ikachitika ndi zifukwa zenizeni zimene madandaulo amakanidwira. Musathere mphamvu zonse pa achibale, chifukwa amatha msanga, ndipo ena amavomera mwa manyazi n'kusiya kulipira mwezi wachiwiri. Kasitomala aliyense wokhutira mumupemphe kuti akutumizeni kwa anzake awiri a ntchito yofanana ndi yake. Polankhula ndi anthu akuluakulu m'midzi, muyambe mwadziwika kwa amfumu kapena kwa secretário wa bairro, muonetse khadi lanu la kampani, ndipo pa inshuwalansi ya moyo ndi ya maliro mupemphe kuti bambo ndi mayi akhalepo onse awiri, kuti wotsalayo adzadziwe kumene pepala lili ndi kumene angapite nalo.

Kasitomala aliyense mumusiyire, m'chilankhulo chake, zoyenera kuchita ngozi ikachitika: kuitana apolisi ngati ndi ya pamsewu, kujambula zithunzi, kusavomera mlandu kapena kulipirana pambali kampani isanadziwe, ndi kukuimbirani tsiku lomwelo kuti participação, chikalata chodziwitsa kampani za ngoziyo, ilowe m'masiku amene apólice yanena. Inunso mukhale ndi kope kapena tsamba la pa kompyuta lolembamo dzina la kasitomala aliyense, mtundu wa apólice, tsiku loyamba ndi tsiku lotha, ndipo muzimuimbira kukadali mwezi wathunthu kuti apólice yake ithe. Kwa alimi ndi onyamula mbewu, yesetsani kuti tsiku lokonzanso ligwe m'miyezi yogulitsa zokolola, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, osati mu Januwale kapena Febuluwale pamene ndalama zonse zapita ku feteleza, ku ganyu ndi ku zofunika za sukulu.